Ndinamuchotsa mwana wanga kusukulu kuti aziphunzirira pakhomo, izi ndi zomwe zinatichitikira

Ndine mayi wa mwana m'modzi, wamkazi, ndipo ndikumulera ndekha. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka zitatu, poyamba ankaimba foni, kenako zii mpaka lero. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa holoselo ina ku Limbe koma timakhala ku Chilomoni, ndiye mukudziwa nokha kuti tsiku langa limayamba kusanache, minibasi yokafika m'tauni, ina yopita ku Limbe, pobwera ndimafika cha m'ma 6 koloko madzulo, kukakhala vuto la mafuta ndiye mpaka 8. Azimayi awiri kutchalitchi andifunsapo kale kuti "asisi munapanga bwanji, nafenso wathu sukulu ikumutopetsa", ndipo sindinafune kuwayankha mwachidule titaima pakhomo la tchalitchi ngati kuti zinali zophweka. Ndiye ndaganiza zolemba zonse mmene zinayendera.

Mwanayu anayamba kuwerenga ali ndi zaka 4. Palibe anamukhazika pansi kumuphunzitsa, ankangogwira paketi ya shuga kapena nyuzi yomwe akulungiramo usipa n'kumafunsa kuti chilembo ichi ndi chiyani. Ku pulayimale anamudumphitsa kalasi imodzi, moti mayeso a Sitandade 8 analemba mu 2022 ali ndi zaka 12. Anthu ankati ameneyu apita ku national basi, koma ine ndimamudziwa, nzeru zake n'zopendekera mbali imodzi, masamu ndi sayansi amachita kuthamanga koma zoloweza pamtima sazifuna n'komwe. Anasankhidwa ku CDSS yapafupi ndi kwathu. Ndinasangalalabe, ndinamusokera yunifolomu, ndinagula nsapato ku msika wa Limbe.

Teremu yoyamba isanathe mwana anasintha. Ankabwera ali duu, kudya osalankhula. Nditamukakamiza anandiuza kuti anafunsa aphunzitsi a masamu chifukwa chimene minus ukachulukitsa ndi minus imatuluka plus, poti iye sankafuna kungoloweza, aphunzitsiwo akuti anamuyankha kuti "iwe, bwera kuno udzaphunzitse ndiwe", kalasi yonse kuseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo anzake anamupatsa dzina loti pulofesa. Aphunzitsi aja sindikuwada ayi. M'kalasimo anali ana oposa 80, ena buku limodzi anthu anayi, munthu m'modzi sangathe kuimitsa onsewo chifukwa cha kamtsikana kamodzi kofunsa mafunso a kutsogolo. Koma wanga anasiya kukweza dzanja, ndipo m'mawa uliwonse anayamba kudandaula m'mimba.

Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu kuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe chifukwa cha kolera. Masabata awiri amenewo mwanayu anamaliza buku lonse la masamu la Fomu 1, n'kukabwereka la Fomu 2 kwa mnyamata wa aneba. Kenako mu Malichi kunabwera namondwe Freddy, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, sukulu zinatsekedwanso, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Tonse tinali pachisoni, koma m'nyumba mwanga ndinkaona chinthu chomwe ndinali nditachisowa, mwana akudzuka yekha, akuimba posamba, m'mimba muja osawawanso. Tsiku lina tikudya anati "mami, ndikakhala pano ndimaphunzira zambiri kuposa kusukulu". Usiku umenewo sindinagone, ndipo mmene sukulu zimatsegulidwa ndinali nditapanga kale chiganizo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba, ndipo kulakwitsa kumeneku kunadzatipweteka patadutsa pafupifupi chaka. Sindinapite kukaonana ndi a hedi. Ndinangosiya kumutumiza basi, chifukwa ndinkaopa kuti akandiyankhula zondibweza m'mbuyo, komanso kunena zoona ndinali ndi kamkwiyo. Mukafuna kuchotsa mwana, pitani kaye ku ofesi mwaulemu, mukatenge lipoti lake ndi kalata, ndipo mufunse funso limodzi ili: mayeso a MANEB adzalembetsa bwanji, kudzera kuti, mwezi wanji. Mulembe yankholo mu kope.

Abale sanandimvetse. Amayi anga kumudzi ku Thyolo anaimba foni, "mwanawe, sukulu ya pakhomo ndiye chiyani? Ine ndinathyola tiyi zaka zonse zija kuti iwe ukhale pa desiki, lero wako ukumuchotsa wekha?" Achimwene anangoti "achemwali, zimenezo n'za azungu a ku Namiwawa omwe ali ndi antchito, inu mumachoka m'bandakucha". Ndinawayankha mwamphamvu onse awiri, koma mawu a achimwene aja anali ndi choonadi chomwe sindinafune kuchimva.

Ndalama zoyambira zinachokera ku chipereganyu cha kuntchito. Itafika nthawi yanga ndinagula laputopu yakale pa K170,000, mabuku a Fomu 1 ndi 2 ena atsopano ena a kaunjika wa mabuku a m'mbali mwa msewu, pafupifupi K45,000, ndi kafoni kotchipa koti azilumikizira intaneti. Bandulo inkandidyera K15,000 mpaka K20,000 pamwezi. Batire ya laputopu ija inali yotha, magetsi akazima inkangokhala mphindi 40 basi, ndiye ndinawonjezera kasola kakang'ono ndi power bank. Chomwe ndinaphunzira mochedwa n'choti mavidiyo osamaonera pa intaneti masana, muzipanga download usiku ndi bandulo ya usiku yotchipa ija, mwana adzaonere mawa popanda kudya yunitsi. Miyezi iwiri yoyamba ndalama zambiri zinangopita choncho.

Ndinalemba timetable n'kumata pakhoma. M'mawa masamu ndi sayansi, masana Chingerezi, Chichewa ndi zina, madzulo ine ndikafika ndizichonga. Zinayenda sabata zitatu. Masamu anga ine ndi a ma invoice ndi VAT, ndiye atayamba kundibweretsera ma quadratic equation ndinkangoyang'ana pepala, maso akulemera ndi tulo, nsima ili pamoto. Ndinayamba kungomufunsa kuti "wawerenga?" iye "eya mami", basi nkhani yatha.

Ndipo ankawerengadi, vuto silinali ulesi. Pa Khan Academy ndi YouTube anafika kutali moti anayamba trigonometry ndi kulemba timapulogalamu ta pakompyuta ndi Python, amandionetsa kamasewera komwe wapanga yekha ine n'kumanyadira. Koma zinthu za pa intanetizo zimatsata maphunziro a ku America ndi ku Ulaya. Tsiku lomwe ndinamubweretsera past paper ya JCE ya Agriculture anapeza zochepa zomvetsa chisoni, Chichewa chimodzimodzi, magulu a mayina ndi mitundu ya aneni sankazidziwa, History ya kuno kwathu ya a Maravi, a Ngoni ndi a Yao anali asanaitsegule n'komwe. Miyezi isanu osakhudza. Ndikanadziwa, chinthu choyamba kugula chisanafike laputopu chikanakhala silabasi ya sekondale yomwe amakonza a bungwe la Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi, ndi ma past paper a phunziro lililonse. Mwana wanzeru ukamusiya yekha amathamangira chomwe amachikonda, chomwe sachikonda amachikankhira pansi pa bedi, ndipo ukamufunsa sakunamiza, wawerengadi tsiku lonse.

Ndinaona kuti ndikufunika thandizo, ndiye ndinapeza mnyamata wina wa ku yunivesite kudzera kwa mnzanga wa kuntchito. Anali wodziwa zinthu ndithu, mwana anamukonda chifukwa ankayankha mafunso aja mosakwiya. Anandipempha kuti ndimulipiriretu miyezi iwiri akuti ali ndi vuto la fizi, ndinamupatsa K60,000. Anabwera masabata atatu, kenako mayeso ake anayandikira, kenako holide anapita kwawo, foni osapezekanso. Musamalipiriretu, muzilipira sabata ikatha, ndipo ngati ndi wophunzira wa ku koleji mufunse kalendala yake ya mayeso ndi holide musanagwirizane. Komanso kwa mwana wamkazi, phunzirolo lizichitikira pakhonde pomwe aneba akuona, kapena tsiku lomwe inu mulipo. Ine izi ndinazichita kuyambira pachiyambi ndipo sindinong'oneza bondo.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, shuga, mafuta ophikira, thiransipoti, zonse zinakwera nthawi imodzi pomwe salale ili pomwepo. Za mphunzitsi wapadera ndinasiya kaye. Mwana anatsala yekhayekha m'nyumba kuyambira 6 m'mawa mpaka ine kubwera.

Tsopano ndifike pa chomwe chinandipangitsa kulemba zonsezi. Ndalama ndi mabuku ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi ichi.

Ndinkamuuza kuti azikhoma chitseko, asatsegulire aliyense, asamapite kokacheza chifukwa ndinkaopa anyamata a m'makwalala ndi a kabaza omwe amaima pa kona. Ndinkaganiza kuti ndikumuteteza. Kumpopi azimayi anayamba kunong'onezana kuti mwana wa uje anamuchotsa sukulu chifukwa ali ndi mimba, akumubisa m'nyumba. Ine ndinazimva mochedwa, iye anazimva msanga, pawindo, ndipo sanandiuze.

Tsiku lina Lachitatu ndinadwala malungo kuntchito, abwana anandiuza kuti ndizipita. Ndinafika pakhomo cha m'ma 1 koloko, nthawi yomwe ana a pulayimale amaweruka. Ndinatsegula ndi kiyi wanga. Makatani onse otseka, m'nyumba mdima, phala lomwe ndinamusiyira m'mawa lili pa tebulo lauma pamwamba, supuni ili momwemo. Laputopu yozima. Iye ndinamupeza atakhala pansi pa simenti kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, atavala diresi yomwe anagona nayo, tsitsi losapesa, khutu ataligunditsa ku chitseko, akumvetsera ana akudutsa panjira akukangana za mpira. Sanali kulira. Anangondiyang'ana ngati wagwidwa akuba.

Ndinakhala pansi pomwepo ndi malungo angawo. Ndinamufunsa kuti mwanangu chavuta n'chiyani, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati "mami, kupatula inuyo, mukudziwa kuti ndinalankhula ndi munthu liti?" Anawerenga yekha pa zala, anati masiku 19. Anandiuzanso za mimba ija, anati akatuluka kukataya zinyalala azimayi amamuyang'ana pamimba. Ndinalira ngati mwana, iyeyo ndi amene ankandisisita pamsana.

Zizindikiro zinalipo koma ndinkafika nditatopa osaziona: kusamba mwa apo ndi apo, kugona masana usiku n'kukhala maso, chakudya kubwerera, kusiya kundionetsa timasewera take tija. Ine ndinkayang'ana makope okha, makope ali bwino ndiye ndimati zonse zili bwino. Mwana wa zaka 13 ngakhale atadziwa masamu a Fomu 4 amakhalabe wa zaka 13, amafuna mnzake womuluka tsitsi, wokangana naye, woseka naye zopanda pake.

Nditachira ndinayamba kugogoda m'makomo, chinthu chomwe ndikanachita pachiyambi pomwe ndikanapanda kudzimva kuti ndikwanitsa ndekha. Mumpingo mwathu muli agogo ena, mphunzitsi wopuma wa sekondale, amakhala ndi zidzukulu zawo mtunda wa mphindi khumi kuchoka kwathu. Ndinapita ndi shuga ndi buledi, ndinagwada, ndinawafotokozera zonse osabisa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati "mwana wanga, mwanayu mwamutsekera m'botolo. Azibwera kuno m'mawa uliwonse, koma ndikuuziretu, kwa ine ayamba ndi Chichewa ndi khasu". Anakana malipiro, tinagwirizana kuti ndizigula thumba la makala ndi ndiwo mwezi ukatha. Agriculture anaiphunzirira pa dimba la agogowo kuseri kwa nyumba, kupanga manyowa, kuyeza mipata ya mapando a chimanga ndi chingwe, ndipo zomwe ankazikana m'buku anayamba kuzifunsa yekha chifukwa tsopano zinali ndi "chifukwa chiyani" wake. Chimangirizo ankalemba chimodzi sabata iliyonse, agogo n'kuchonga ndi bolopeni yofiira mosanyengerera. Analowanso kwaya ya achinyamata, ndipo Loweruka ndikaweruka masana tinkapita limodzi ku National Library m'tauni. Nkhani ya mimba ija inafa yokha anthu atayamba kumuona akudutsa ndi chikwama tsiku ndi tsiku.

Ndinkaganiza kuti tsopano tawoloka. Kumayambiriro kwa 2024 ndinapempha tsiku kuntchito kuti ndikamulembetse mayeso a JCE, poti anzake omwe anayamba nawo Fomu 1 amalemba chaka chimenecho. Ndinavala bwino, ndalama m'chikwama. Kusukulu komwe ndinapita anandilandira bwino, koma a hedi atamva nkhani yanga anagwira pakamwa. Anati "mayi, kalembera anatsekedwa kalekale, mayina tinatumiza teremu yatha". Ndinayesa sukulu ina, yankho lomwelo. Ine m'mutu mwanga ndinkaganiza kuti poti mayeso amalembedwa chapakati pa chaka, kulembetsa ndi Januwale kapena Febuluwale. Ayi ndithu, zimachitika miyezi yambiri m'mbuyo, ndipo mwana amalembetsa kudzera pa sukulu yomwe ndi senta ya mayeso, pali za zithunzi za chiphaso ndi malipiro, zonse ndi nthawi yake. Mwana yemwe dzina lake silili mu rejisitala ya sukulu iliyonse palibe amene angakukumbutseni za iye. Vuto linali langa, sindinafunse.

Ndinayenda wapansi kuchokera pamenepo mpaka pa siteji osadziwa kuti ndikamuuza bwanji. Mwana yemwe anadumpha kalasi, yemwe ndinamuchotsa kuti asachedwe, ndamuchedwetsa ndi chaka chathunthu ine mayi ake. Nditamuuza sanakalipe. Anangoti "mami, munati mukudziwa chomwe mukuchita", n'kulowa kuchipinda. Masiku atatu ankangondiyankha eya ndi ayi. Ndinamupepesa, osati kamodzi, ndipo sindinadziikire kumbuyo.

Ndinafufuzako za mayeso a Cambridge a IGCSE omwe ana a m'sukulu zina zapulaiveti amalemba, poganiza kuti mwina tingodumphira kumeneko. Amalipiritsa phunziro lililonse palokha, ndipo kwacha ikagwa mtengo wake umakweranso, nditawerengetsa ndinaona kuti ndi salale yanga ya miyezi ingapo, ndinazisiya. Ngati muli nazo ndalama ndi njira ndithu, koma muisankhe pachiyambi chifukwa silabasi yake ndi ina.

Agogo aja ndi amene anandipatsa nzeru ya open. Kwa omwe simukudziwa, m'sukulu zambiri za boma za sekondale ana a m'mawa akaweruka kumalowa ena masana, olipira okha, aphunzitsi ake omwewo, makalasi omwewo. Poyamba ndinakana, ndinkaona ngati open ndi ya omwe sanasankhidwe, wanga wanzeru chonchi akatani kumeneko. Agogo anandiyang'ana n'kunena kuti "ukufuna dzina kapena ukufuna mwana alembe mayeso?" Mu Seputembala 2024 ndinakamulembetsa Fomu 2 ya open. Dzina linalowa mu rejisitala, kalembera wa JCE atayamba ndinali woyamba kulipira, risiti ndinaijambula pa foni ndi kuisunga m'Baibulo.

Ndiye tsiku lake linakhala chonchi: m'mawa kwa agogo maola awiri, kenako zake zija za masamu apamwamba ndi kompyuta, masana kusukulu. Chomwe sindinayembekezere ndi anthu omwe anawapeza kumeneko. M'kalasi mwake munali atsikana akuluakulu, ena anabwerera kusukulu atabereka, wina amagulitsa mandasi m'mawa, bambo wina wa ntchito ya ulonda. Amenewa sanamuseke. Ataona kuti kamtsikanaka masamu amawadziwa anayamba kumuzungulira pa break, "tatiwonetsa apa, aphunzitsi anathamanga". Loweruka lina ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza atsikana anayi pakhonde langa, mmodzi mwana kumsana, wanga ataima ndi khala akulemba ma fraction pa simenti, akufotokoza ndi magawo a mandasi, onse akuseka mokweza. Ndinalowa m'nyumba mwakachetechete n'kuwaphikira tiyi.

JCE analemba mu 2025 ndipo anakhoza, Chichewa ndi Agriculture zomwe. Atsikana atatu mwa anayi aja anakhozanso, ndipo mmodzi anabwera ndi nkhuku yamoyo kudzathokoza.

Ndikaphatikiza zonse, laputopu, mabuku, sola, mabandulo, mnyamata uja, makala a agogo ndi fizi ya open, zaka ziwiri ndi theka zimenezi zandidyera ndalama yoposa miliyoni imodzi, kuposa kutali zomwe ndikanalipira akanakhala pa CDSS paja. Kuwonjezera apo chaka chimodzi chotayika, ndi miyezi ija ya kuseri kwa chitseko yomwe mpaka pano ikandibwerera m'maganizo mtima umandipweteka. Mbali ina, mwana yemwe anasiya kukweza dzanja pano amafunsa mafunso mpaka agogo kumuuza kuti apume kaye.

Mukandifunsa ngati mungachotse wanu, ndikufunsani kaye kuti kuyambira 7 m'mawa mpaka 5 madzulo adzakhala ndi ndani, mumutchule dzina munthuyo, ndipo mukhale mutakambirana naye kale. Ngati yankho ndi loti adzakhala yekha poti ndi wanzeru, dikirani kaye. Yambani mwakaonana ndi a hedi, mwina angalole kuti azikalowa nawo masamu a kalasi yapamwamba, ine mwayi umenewo sindinaufunse n'komwe.

Pano ali Fomu 3, ali ndi zaka 15, akadali ku open. Nkhani yomwe tili nayo tsopano ndi labu. MSCE ili ndi mayeso a practical a Biology, Physics ndi Chemistry, ndipo titration, kuyeza mankhwala powadontheza pang'onopang'ono, sungaiphunzire pa YouTube pokha, pamafunika kugwira kachubu koyezera kotchedwa burette ndi dzanja lako. Ku yunivesite za boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, iye maso ake ali pa engineering ku MUBAS kapena ku MUST, ndiye sitikufuna kuchita mwayimwayi. Nthawi ya labu ku open ndi yochepa. Sabata yatha tikutsuka mbale anandiuza yekha kuti Fomu 4 akufuna akalowe sukulu ya tsiku lonse yokhala ndi labu yabwino, anati pano sakuopanso kutchedwa pulofesa. Ndamuuza kuti tipita limodzi kukaona sukulu zitatu mwezi uno, asankhe yekha, ndipo funso la kalembera wa MSCE ndalilemba kale pamwamba pa tsamba mu kope langa. Kuntchito ndalowanso chipereganyu, nambala yanga ikubwera mu Ogasiti.